Musanadule mapuloti, tiuzeni madzi adzadutsa pati

Zaka zitatu zapitazo mchemwali wanga anagula malo kumtunda kwa Chinamwali ku Zomba, pamtsetse pomwe kale panali munda wa chimanga. Mwini mundawo anaudula mapuloti ndi chingwe, nʼkukhoma zikhomo za mitengo, ndipo pofuna kuti mapuloti atuluke ambiri anangosiya kanjira koti ngakhale ngolo singadutse. Za ngalande sanaziganizire nʼkomwe. Pano onse anamanga. Akumtunda anafolera malata, pabwalo anathirapo simenti, ndiye madzi amene kale ankalowa mʼnthaka tsopano amathamangira pakhoma la mchemwali wangayo. Dzinja lapitali ndinamupeza akukapa madzi mʼkhitchini ndi beseni, khoma la kuseri lili ndi mngʼalu wolowa chala. Wogulitsa uja anasamuka kalekale. Amene akutukwanizana pano ndi anthu oyandikana nyumba, oti aliyense anagula malo ake mwachilungamo.

Ndalemba izi chifukwa zimandipweteka ndikamamva anthu akunena kuti kukapempha chilolezo kukhonsolo nʼkutaya nthawi, amfumu akasayina basi zatheka. Amfumu ndimawalemekeza, amadziwa kuti malo awa anali a yani ndipo malire amathera pamtengo uti. Koma kalata yawo sinena kuti kalavati ya panjira apo ikhale yaikulu bwanji, kapena kuti dothilo lipirira maziko a nyumba yosanja. Imeneyo ndi ntchito ya injiniya.

Lamulo la Physical Planning Act la 2016, lomwe linabwera limodzi ndi Land Act ndi Customary Land Act, limafuna kuti kugawa malo mʼmapuloti kukhale ndi chilolezo, chimodzimodzi kumanga. Mwini malo amayenera kujambulitsa pulani yosonyeza puloti iliyonse, misewu, ngalande ndi malo odutsa mapaipi a madzi ndi mapolo a magetsi. Pulaniyo ikavomerezedwa ndi pomwe saveya wovomerezeka amabwera kudzaika mabikoni, zizindikiro zosonyeza malire a puloti, ndipo muyeso wakewo ndi umene umadzalowa pamapepala a lizi. Anthu amaona ngati ndi mapepala chabe, koma chilichonse pamenepa chili ndi tsiku lake. Msewu wotakasuka umafunika tsiku lomwe mayi wapakati akufuna ambulansi usiku, kapena tsiku la maliro, pamene anthu amayenda ndi bokosi paphewa mtunda wautali chifukwa galimoto yakanika kulowa. A Southern Region Water Board ndi a ESCOM nawonso akafika pamalo oti mipanda inagundana, paipi ndi polo aziika pati?

Ndipo kuno ku Zomba nkhaniyi ndi yolemera kuposa malo athyathyathya. Tauni yathu inakhala mʼmunsi mwa phiri. Madzi onse ogwa pamwamba paja amatsika ndi Mulunguzi, Likangala ndi timitsinje tambirimbiri tomwe chilimwe timaoneka ngati tinafa. Agogo athu mpaka lero amasimba za Napolo wa mu 1946 amene anakokolola milatho mʼtauni muno. Ife tinadzionera tokha mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy atagumula mapiri, nyumba za ku Chilobwe ku Blantyre zitakwiririka ndi matope anthu ali momwemo. Komabe pitani mukaone mmene anthu akukwerera mʼmapiri ndi makasu, kusema phiri nʼkuimika nyumba pansi pa chigwembe chopanda khoma lochirikiza. Ena akumanga mʼkhwawa lenileni poti anagula mu Okutobala kuli gwa.

Palinso za zimbudzi. Ku Chikanda, komwe kumakhala ophunzira ambiri a ku University of Malawi, puloti imodzi imatha kukhala ndi zipinda zochuluka zedi za lendi. Puloti ikachepa, chimbudzi chokumba chimakhala pafupi ndi chitsime cha mnzako, zotsalazo mvula imakokolera mu Likangala mpaka ku nyanja ya Chilwa. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 tisamuiwale msanga chonchi.

Ndikuvomera kuti njira yovomerezekayi ndi yodula ndipo imachedwa. Saveya amafuna ndalama, wojambula pulani amafuna ndalama, ndipo munthu akasowa womulongosolera amagwa mʼmanja mwa madobadoba. Apa ndipemphe a khonsolo ya mzinda wathu ndi ya boma la Zomba: lembani mʼChichewa ndondomeko yonse ndi mitengo yake, muimate pakhomo ndi mʼmisika, munthu adziwe poyambira ndi pothera. Komanso fikani mʼmadera akadali minda. Kubwera ndi penti yofiira nyumba itafika pamalata kumangoliza munthu amene anagula, pomwe wodula malo uja palibe chomukhudza.

Maganizo anga ndi akuti aliyense wodula munda kuti agulitse azilambula kaye msewu, akumbe ngalande yokafika kumtsinje kapena ku ngalande yaikulu, aike makalavati, ndipo asaloledwe kulandira ndalama ya puloti yoyamba izi zisanachitike. Mtengo wa puloti udzakwera, inde, koma udzachepabe poyerekeza ndi kumanganso khoma.

Inu amene mukusunga ndalama kuti mugule malo, funsani pulani yokhala ndi chidindo cha khonsolo, muone mabikoni ndi maso anu, ndipo mukayendere malowo mu Febuluwale mvula ikugwa, muone komwe madzi akulowera.

Kwa mchemwali wanga kuja, mabanja a mʼkanjirako ayamba kusonkherana ndalama za simenti ndi miyala ya ngalande. Kuti ngalandeyo idutse, banja lina liyenera kugumula mpanda wake wa njerwa, ndipo mpaka pano silinavomere.