Lamulo loletsa kutulutsa anthu mnyumba linali bwino koma lendi imangowerengabe

Abale anga a ku Joni mukukumbukira March 2020? Pulezidenti Ramaphosa atalengeza lokidauni ya Covid-19 ija inayamba pa 27, boma linanenanso kuti palibe otulutsidwa mnyumba nthawi imeneyo. Ine ndinasangalala zedi, ndinali pa lendi ka rumu ka kuseli kwa nyumba ya munthu ku Johannesburg, ntchito ya mu resitilanti itaima tsiku lomwelo, ndalama osalowa olo 1 rand.

Lamulo lija ndimaligwirizana nalo mpaka lero. Sungauze munthu kuti khala pakhomo usafalitse matenda kenako nkumuponyera katundu panja, apite kuti? Koma vuto lake linali loti analetsa kutulutsa basi, lendi sanaichotse, mwezi ukatha ngongole imakwera, wina ukatha yakweranso, ndiye pofika nthawi yoti ayamba kumasula zinthu anthu tinali ndi miyezi itatu inayi pamutu ntchito isanabwerere nkomwe.

Komanso tinene zoona, lamulo limateteza amene angathe kukaima pa khoti. Ku South Africa kuyambira 1998 kuli lamulo loti landilodi sangakutulutse popanda chilolezo cha khoti, koma mMalawi oti mapepala ake anatha kalekale angapite kukadandaula ku polisi? Akudziwa kuti akatsala konko. Ma landilodi ena amadziwanso zimenezo, samakuthamangitsa ayi, amangodula magetsi, kutseka madzi, kapena ukabwera kokasaka ganyu upeza pachitseko pali loko wina. Umachoka wekha. R350 ija boma limapereka pamwezi kwa anthu opanda ntchito ambiri a ife sitinaione. Mabasi aja anadzadza anthu kubwerera kumudzi mu May, ofikira pa Kamuzu Stadium aja, ena mwa iwo sikuti anafuna kubwerera, pogona panasowa.

Sindikunena kuti ma landilodi onse ndi oipa. Wanga anali mayi wachikulire, marumu atatu akuseliwo ndi amene amadyetsa zidzukulu zake, tsiku lina anandiitana nkundiuza kuti mwana wanga sindikuthamangitsa koma nanenso ndidya chani. Ndinasowa choyankha. Boma linamuuza kuti adikire koma silinamupatse kanthu kodikirira, mtolo onse linangousenzetsa iyeyo ndi ine kuti tikanganirane tokha.

Nde maganizo anga ndi awa, mliri wina ukadzabwera, kaya kuno kaya kumudzi komwe anthu aku Ndirande ndi ku Mtandire amakhala pa lendi opanda olo kapepala kosainirana, kuletsa kutulutsa kudzabwere limodzi ndi ndalama yopita kwa mwini nyumba, olo theka la lendi, ndipo asamafunse kaye pasipoti munthu asanathandizidwe. Ine ngongole ya mayi aja ndinamaliza kubweza mu 2021, pang'onopang'ono, ndipo ndinali ndi mwayi kuti anandidikira.