Tisamasiyire banki thukuta lathu tikamapita kumudzi

Abale anga amene tili kuno ku UK, makamaka inu amene mwagula kale tikiti yopita kumudzi, ndiloleni ndilankhulepo za khadi lili m'chikwama mwanulo.

Ulendo wapitawu nditabwerako kumudzi, tsiku lina ndinaweruka ntchito ya usiku, n'kukhala pakama yunifomu ndisanavule, n'kutsegula sitetimenti ya kubanki pafoni. Pansi pa chilichonse chimene ndinalipira ndi khadi panali kamzere kena kakang'ono. Tiyi wa pabwalo la ndege ku Johannesburg, kamzere. Mafuta a galimoto ku Lilongwe, kamzere. Mankhwala a amayi ku Blantyre, kamzere. Paliponse pomwe ndinatapa pa ATM, timizere tiwiri. Nditaphatikiza timizere tonseto ndinapeza kuti banki inadya ndalama yoposa imene ndinasiyira agogo ya sopo. Zinandiwawa kwambiri, ndipo mpaka pano zikundiwawabe.

Nkhani yake ili motere. Mabanki ambiri akuluakulu akuno amadula 2.75 kapena 2.99 peresenti pa chilichonse chimene mwalipira mu ndalama yomwe si paundi. Mukatapa pa ATM kunja, ambiri amawonjezerapo chaji ina. Ndiye werengani nokha. Mukagwiritsa ntchito £1,500 paulendo wonse, pafupifupi £45 yapita musanawerengere za ATM. Mu April 2025 malipiro otsikitsitsa a munthu wazaka 21 kupita m'tsogolo anafika £12.21 pa ola. Ndiye kuti maola pafupifupi anayi onyamula okalamba, kuwasambitsa, kuwadyetsa, mwagwirira banki. Ife amene pamsika timanenerera mtengo wa mulu wa tomato mpaka wogulitsa atiikire basera, timangoyang'ana ndalama yotereyi ikupita chifukwa imachoka pang'onopang'ono, mwakachetechete.

Chonsecho makhadi osadula machaji amenewa alipo, ndipo akaunti yake imatsegulidwa pafoni, osalipira kanthu. Starling sadula chaji mukagula zinthu kapena kutapa ndalama kunja. Chase, imene inayamba kuno mu 2021, nayonso sidula. Monzo sadula mukaswayipa, koma pa ATM ya kunja kwa Europe akaunti yawamba imalola £200 yokha pa masiku 30, mukapyola apo amadula 3 peresenti. Revolut ndi Wise nawo ali ndi malire awo pa ndalama yotapa, ndipo Revolut yaulere ija imawonjezera kena kake mukasintha ndalama Loweruka ndi Lamlungu. Malamulowa amasinthasintha, choncho awerengeni mu app sabata yomwe mukunyamuka. Ine pa ulendo wa kumudzi ndimasankha khadi lomwe silidula pa ATM, chifukwa kwathu kashi ndiye mfumu. Wa kabaza, wa pachigayo, mmisiri womanga nyumba ija, onsewa safuna kumva za kuswayipa.

Sindikunena kuti mutseke akaunti yomwe mumalandirira malipiro. Isiyeni momwemo. Tsegulani yachiwiri, muzithiramo ya ulendo yokha, ndipo muitsegule mwezi wathunthu musananyamuke kuti khadi lifike, muliyese pashopu, PIN muiloweze pamtima.

Koma pali msampha wina umene umakola ngakhale munthu wokhala ndi khadi labwino, ndipo uwu ndiye ndikufuna muumvetse. Mwafika pabwalo la ndege la O.R. Tambo ku Johannesburg, mwatopa, kumbuyo kwanu kuli mzere. Mwalowetsa khadi mu ATM, mwalemba marandi amene mukufuna. Makina aja azindikira kuti khadi ndi la ku UK, ndiye akufunsani mwaulemu ngati mukufuna kuti akudulireni mu mapaundi, n'kukuonetsaniratu nambala yake. Munthu umaona ngati wathandizidwa, poti paundi ndi imene umaidziwa. Kanani. Mukavomera, ndiye kuti mwini makinawo ndi amene wasintha ndalama yanu, pa reti yake, ndipo reti imeneyo amaikamo phindu lake lonenepa. Mukakana n'kusankha marandi, ndalama imasinthidwa pa reti ya Visa kapena Mastercard, yomwe imakhala pafupi kwambiri ndi mtengo weniweni wa pamsika wa ndalama. Kamakina koswayipira ka mu hotela ndi mu shopu nakonso kamafunsa funso lomweli, ndipo nthawi zina wogulitsa amangokudinirani yekha mwachangu. Ine masiku ano ndimapempha kuti ndikagwire ndekha, ndione chimene chalembedwa. Muli ku Joni, lipirani mu marandi. Muli kumudzi, mu makwacha. Muli ku Nairobi, mu mashilingi. Paundi isiyeni ku UK.

Chinanso, mwini ATM akhoza kuika chaji yakeyake pa makhadi akunja, ndipo palibe khadi lomwe lingaichotse. Imaoneka pa sikirini musanavomere. Ikakhala yokwera, tulutsani khadi mukayese makina a banki ina. Kwathu izi zimapweteka kwambiri chifukwa pepala la ndalama lalikulu ndi la K5,000, makina sangatulutse yambiri kamodzi, ndiye munthu umatapa kawiri katatu ndipo ulendo uliwonse chaji ikudya.

Za kirediti khadi ndinene mwachidule. Alipo osadula machaji kunja, monga Halifax Clarity, ndipo ndi abwino pogulira tikiti kapena kulipira hotela, chifukwa lamulo lakuno limakutetezani pa chinthu cha mtengo woposa £100 mpaka £30,000 ngati wogulitsa wakuchitani chinyengo kapena kampani yagwa. Koma osatapira kashi. Makhadi ambiri otere chiwongoladzanja chimayamba tsiku lomwelo mwatapa.

Ndikudziwa kuti ena muyankha kuti, achimwene, zonsezi n'zachiyani, ife timangonyamula mapaundi m'thumba n'kukasintha kwa mavenda pa reti yabwino. Sindikana kuti kusiyana kulipo. Kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, komabe reti ya kubanki ndi ya pamsewu sizinakumane, ndipo khadi limayendera ya kubanki. Koma kusintha ndalama pamsewu n'kuphwanya lamulo, ndipo tonse tikudziwa munthu amene anawerengeredwa mpukutu wokhala ndi mapepala pakati, kapena amene anamutsatira atangochoka pomwe anasinthirapo. Ine sindiyenda ndi ndalama ya miyezi isanu ndi umodzi m'sokosi. Komanso mavendawo sakakhalapo ndege ikakusiyani ku Addis Ababa usiku mukufuna chipinda chogona.

Khadi lanu lakale lija musalisiye kunyumba ngakhale limadula. Starling ndi Monzo ndi a Mastercard, ndiye ngati lakalelo ndi la Visa lidzakuombolani tsiku limene makina akana linalo. Osawasunga m'chikwama chimodzi. Ndipo nambala yanu ya foni yakuno ikhale ikugwira, chifukwa banki ikakayikira malipiro ena imatumiza uthenga kapena kufunsa mu app, ndipo ngati SIM munaichotsa n'kuikamo ya Airtel kapena TNM, mudzaima pa tilu katundu ali m'manja khadi litakana. Mlamu wanga zinamuchitikira pogula malata, mpaka anabwereranso m'mawa mwake galimoto yonyamulira atailipira kale.

Amene muli ku Joni ndi kwina, mabanki anu ndi ena koma timizere tija tilipo. Tsegulani sitetimenti ya ulendo wanu womaliza usiku uno, muphatikize, mundiuze mwapeza zingati.