Ma drone anyamule mankhwala, koma anthu ayi

Dzulo pa Lizulu tikudikira minibasi, mnyamata wina wophunzira zamakompyuta ankanenetsa kuti ntchito yoyendetsa ndege yatsala pang'ono kutha. Akuti posachedwapa ndege zonyamula anthu zizidziyendetsa zokha ngati ma drone, tindege touluka popanda woyendetsa m'kati. Ndinamutsutsa pomwepo, ndipo mpaka pano mtima wanga ukukanabe.

Ma drone sindidana nawo ayi. Mu 2017 boma ndi UNICEF anatsegula malo oyesera ma drone ku Kasungu, ndipo ku Nsanje ndi ku Chikwawa ma drone anafikitsapo katemera ndi mankhwala kuzipatala zomwe misewu yake imaduka nthawi yadzinja. Zimenezo ndikulakalaka zitafikanso kwathu kuno kumapiri a Tsangano. Koma katoni ya mankhwala ikagwera m'munda wa mbatatesi, mawa mutumiza ina.

Mnyamatayo ananena zoona kuti ndege ikakwera m'mwamba, mbali yaikulu ya ulendo imayendetsedwa kale ndi kompyuta. Nanga tsiku limene kompyutayo yanamizidwa? Pa 10 March 2019, Boeing 737 MAX ya Ethiopian Airlines, kampani yomwe ilinso ndi gawo mu Malawi Airlines, inanyamuka ku Addis Ababa kupita ku Nairobi. Kachipangizo kamodzi koyeza kapendekedwe ka ndege kanapereka manambala olakwika, pulogalamu yotchedwa MCAS n'kumakankhira mphuno ya ndegeyo pansi mobwerezabwereza, oyendetsa akulimbana nayo. Patangotha mphindi 6 inagwa, anthu onse 157 anafa. Wina anena kuti oyendetsatu analimo koma analephera. Inde, chifukwa makina anali atapatsidwa mphamvu zoposa zawo. Ndipo taonani mmene anakonzera vutolo: anachepetsa mphamvu za MCAS kuti woyendetsa azitha kuigonjetsa, n'kuwonjezera maphunziro a oyendetsa.

Mu January 2009 ku New York, mbalame zinalowa m'mainjini onse awiri ndege itangonyamuka. Woyendetsa wake, Chesley Sullenberger, anaona kuti kubwalo sakafikako, anakatera pamtsinje wa Hudson, anthu onse 155 n'kupulumuka.

Ena akuti woyendetsa azikhala pansi mu ofesi, n'kumayang'anira ndege zingapo pakompyuta. Inu amene munafunapo kutumiza ndalama pafoni netiweki n'kuthawa pakati, mukudziwa chimene chikundiopsa apa. Komanso munthu wokhala mu ofesi, zikavuta, madzulo apitabe kwawo kukadya nsima.

Ife a ku Ntcheu tinaika m'manda a Dr Saulos Chilima ku Nsipe mu June 2024, choncho nkhani ya ngozi za ndege sitiyankhula mopepuka. Tsiku lomwe ndidzakwere ndege pabwalo la Kamuzu, ndikufuna ndidzamve mawu a munthu akutilonjera kuchokera kutsogolo, munthu woti nayenso ana ake akumudikirira kunyumba.