Musamaike mawu mkamwa mwa Chilembwe, tawerengani kaye

Dzulo pa gulupu ya WhatsApp ya anzathu a ku sekondale munthu wina watumiza chithunzi cha John Chilembwe, pansi pake alembapo m'Chingerezi kuti eti Chilembwe ananena kuti achinyamata muzivotera chipani chomwe chikupatsani ntchito. Anthu mpaka kuwomba m'manja ndi ma emoji, ena kufowada kumagulupu ena. Koma zoona abale? Chilembwe anaphedwa mu 1915, nthawi imeneyo munthu wakuda kuno amavotera ndani? Chipani chake chiti? Ndafunsa kuti mawuwa mwawatenga pati, akuti ndangolandira. Basi, ndangolandira. Ndakwiya heve.

Chondipweteka n'chakuti zomwe mkuluyu analembadi zilipo ndipo n'zaulere. Kalata yake ija ya mu November 1914 yomwe anatumiza ku nyuzipepala ya Nyasaland Times ili pa intaneti, siyaitali, umaimaliza tiyi asanazizire. Mmenemo akukana zoti anthu akuda azitengedwa kukafa pa nkhondo ya azungu, akuti apite kunkhondoko anthu olemera, a mabanki, eni masitolo ndi eni minda, osati amphawi opanda kanthu omwe akafa amangosiya akazi amasiye ndi ana pa umphawi. Boma la atsamunda linaopa kalata imeneyi mpaka kuiletsa. Mawu olemera chonchi tili nawo koma ife tikusheya bodza lopekedwa ndi mfana wina ali pa bedi ndi foni yake.

Werengani zomwe omenyera ufulu wathu analemba okha. Osati zomwe wanena wandale pamsonkhano, osati zomwe walemba admini wa peji, zawo zenizenizo. Safunsa anadya phula, ndipo phula tikulidyadi tsiku ndi tsiku pa Facebook pano.

Tulutsani K100 m'thumbamo, nkhope ili pamenepoyo ndi ya James Frederick Sangala, mmodzi mwa omwe anayambitsa Nyasaland African Congress mu 1944, pulezidenti wake woyamba anali Levi Mumba. Pa K200 pali mayi Rose Chibambo. Timagulira mandasi ndalama zimenezi m'mawa uliwonse koma ufunse munthu kuti amenewa ankafuna dziko lotani, angokuyang'ana. Dunduzu Chisiza asanamwalire pangozi ya galimoto mu 1962 anali atalemba kale kuchenjeza kuti mayiko a mu Africa akadzalandira ufulu atsogoleri akhoza kusanduka ankhanza kwa anthu awo omwe. Mnyamata wa zaka 32 basi. Alipo pa gulupu paja yemwe anawerengako tsamba limodzi la Dunduzu? Palibe, koma mkangano wa ndale ndiye mpaka pakati pa usiku.

Ndiye pali ena aja okonda kunena kuti makolo athu omenyera ufulu anali ndi mtima umodzi, ife a lero ndi amene tagawikana. Mtima umodzi uti? Ufulu tinalandira pa 6 July 1964, pofika September nduna zinali zitayambana kale ndi Kamuzu, a Chipembere, a Kanyama Chiume, a Orton Chirwa, a Yatuta Chisiza, ena kuchotsedwa ena kutula pansi okha. Ndipo sikuti ankangolimbirana mipando ayi, panali nkhani ya tiki (mapeni atatu) yomwe odwala ankayenera kulipira kuchipatala, nkhani ya malipiro a ogwira ntchito m'boma, ubale ndi Apwitikizi omwe ankalamulira Mozambique, komanso zoti Kamuzu ankatcha nduna zake kuti anyamata anga. Amenewa anali maganizo osiyana pa momwe dziko liyendere, ndipo mikangano ina mwa imeneyi tidakali nayo mpaka lero, ya kulipira kuchipatala ija siinathe. Ungazidziwe bwanji izi ngati suwerenga? Ngakhale zomwe aphungu a ku London anakambirana mu 1959 za lipoti la Devlin, lija linati Nyasaland yasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi, zili pa webusayiti ya nyumba yawo ya malamulo, osalipira kalikonse.

Kaya ndi masukulu athu oloweza madeti a mayeso, kaya ndi ulesi chabe, kaya. Koma musandiuze za bandulo, bandulo ya TikTok mumaipeza bwanji?

Komanso boma nalo likundinyansa pa nkhaniyi. Anzathu a ku America anatenga makalata a George Washington, Jefferson, Madison, Hamilton n'kuwaika onse pa webusayiti ya Founders Online, mwana wa ku Nsanje akhoza kuwerenga zomwe Jefferson analembera John Adams kwaulere, koma kuti aone mapepala a Levi Mumba afunika thiransipoti ya ku Zomba komwe boma limasunga mapepala akale. Zaka zoposa 60 tili pa ufulu, ndalama za ma alawansi a mawekishopu ku nyanja zimapezeka, ya sikana imodzi ndiye ayi.