Ku Joni wa labu amapatsidwa benchi limodzi, kwathu onse ndi ake

Anzathu a ku Joni andikhululukire, koma zina zimene amazitcha ukatswiri wa mu labu ndi kungomuchepetsa munthu. Achemwali anga agwira ntchito zaka zambiri pa labu ya chipatala cha boma, ndiye mwezi watha labu ina ya ku Johannesburg yawauza kuti mapepala akatheka asankhe mbali imodzi. Imodzi! Munthu woti m'mawa amasuzumira pa maikulosikopu kufufuza malungo, masana akuika makhololo mu GeneXpert, makina oyezera TB, usiku akudzutsidwa kuti afananitse magazi a mayi amene wataya ambiri pochira, magetsi atathima, wina akuwaunikira ndi foni.

Mukudziwa kale mmene zimakhalira kumeneko. HPCSA, khonsolo yolemba ogwira ntchito za umoyo ku Joni, yomwe imayendera lamulo la 1974, sikulemba kuti "wa labu" n'kusiyira pomwepo. Imakuika pa gawo lako: Haematology (za magazi), Microbiology (za tizilombo), Chemical Pathology (za makemikolo a m'thupi), Virology (za mavairasi), Cytology (za maselo) ndi ena, ndipo gawo lililonse lili ndi mayeso ake a board omwe amayendetsa a SMLTSA, bungwe la anthu a labu kumeneko. Ukasankha Clinical Pathology umapumako pang'ono poti imaphatikiza atatu oyambawo. Koma zofananitsa magazi oika wodwala ndi gawo lapadera, ndipo ambiri ochita zimenezo ali ku SANBS, bungwe losonkhanitsa magazi. Tsono achemwali aja, omwe ntchito yofananitsa magaziyo (cross-match) angaichite ali m'tulo, kumeneko saloledwa ngakhale kugwira paketi ya magazi. Wochokera kunja ayambenso wadzera ku SAQA, bungwe loona za mapepala a maphunziro, kuti akayeze dipuloma yake, kenaka chaka ndi chaka azitolera mapointi 30 a CPD, maphunziro opitiriza uli pa ntchito.

Kwathu kuno Medical Council of Malawi, ya lamulo la 1987, ikakulemba utachoka ku koleji ya Malamulo, Malawi College of Health Sciences kapena yunivesite ya za umoyo ya KUHeS, ukafika pa ntchito benchi lililonse ndi lako. Mkodzo, chimbudzi, magazi, makhololo, zonse. Wa ku Joni mutamusiya yekha pa labu ya ku Nsanje angayambe kufunsa kuti anzake a magawo enawo abwera nthawi yanji.

Komabe pa nkhani ya khansa ndivomera, atiposa. Kuwerenga maselo a khomo la chiberekero (cytology) kapena kudula kanyama kukhala kopyapyala koika pa galasi (histology) si ntchito yoiphunzira pa ulendo. Kachigamba kakapindika kapena utoto ukalowa molakwika, dokotala woyang'anayo angathe kuphonya khansa, mayi n'kubwerera kumudzi akuti ali bwino. Dziko lathu lili m'gulu la maiko amene khansa imeneyi ikupha amayi kwambiri, ndipo labu yoyezera zimenezi (pathology) ya ku chipatala cha Kamuzu Central inangoyamba mu 2011 mothandizana ndi UNC Project, ya yunivesite ya North Carolina ku America. Pamenepo munthu wa chiphaso chakechake, woyesedwa pa ntchito yomweyo, ndikumufuna ndithu.

A ku Zimbabwe ali ndi khonsolo ya anthu a labu okhaokha, ndimawasirira pang'ono. A ku Zambia onse amadzera ku HPCZ, khonsolo ya ogwira ntchito za umoyo, sitikusiyana nawo kwenikweni.

Ndiye ngati tikufuna kutengera za ku Joni, titenge za histology ndi cytology zokhazo. Wobwera ndi lamulo loti wa magazi asakhudze makhololo, ayambe wapita ku Chitipa akawerenge kuti usiku mu labu mumagona anthu angati.