Mabuku a pa foni ku laibulale, QR code payokha sikuthandiza munthu

Abale anga a kuno ku UK, makamaka inu muli ndi ana asukulu ndi inu mukuwerenga za care kapena unesi, ndili ndi nkhani yomwe yakhala ikundidya mumtima. Council tax timadula mwezi ndi mwezi, ndipo ina mwa ndalama imeneyo ndi imene imayendetsa laibulale ya m'dera lanu, komatu ambiri a ife sitinapondeko nkomwe, ndipo ochepa amene ali ndi khadi sadziwa kuti khadi lomwelo limabwereka mabuku pa foni uli khale pa bedi kapena mu basi pochokera ku night shift. Ine sindikudzudzula anthu ayi. Chimene ndikukana ndi kachitidwe koti amata pepala la QR code, kachizindikiro koti ujambule ndi foni, pakhoma basi nkumati tawathandiza. Munthu amafunika wina akhale naye pansi, foni ili m'manja mwa mwini wakeyo, mpaka buku loyamba litseguke. Thandizo ndi limenelo basi.

Kwa amene simukuzidziwa, zimayenda chonchi. Malaibulale ambiri kuno amagwiritsa ntchito apu ya Libby kapena BorrowBox, zimatengera khonsolo yanu inasankha iti. Libby ndi ya kampani ya OverDrive ya ku Cleveland ku America, BorrowBox ndi ya Bolinda ya ku Australia. Zonse ndi zaulele kwa inu. Mumalowetsa nambala ya pa khadi la laibulale, nthawi zambiri ndi PIN yake, kenako mumasaka buku nkudina kuti mwabwereka. Masiku akakwana, kawirikawiri masabata awiri kapena atatu, bukulo limabwerera lokha, palibe faindi, palibe zothamanga mu mvula kukaponya buku. Muli mabuku owerenga, mulinso omvera oti wina akukuwerengerani inu mukutsuka mbale.

Ndiye mwina mukuti nanga chovuta nchani pamenepa? Chovuta chilipo, ndipo ndinachiona ndi maso.

Kutchalitchi kwathu kuli mayi ena achikulire, anabwera kudzalera zidzukulu, kumudzi anali aphunzitsi ndipo amakonda kuwerenga zedi koma maso anayamba kuvuta, zilembo za m'mabuku a pepala zimawachepera. Anapita okha ku laibulale ina yake, anawapatsa khadi bwinobwino, atafunsa za pa foni anangowalozera pepala lija. Anabwera kwa ine foni ili m'kathumba ka nsalu akuti mwanawe tandionere, akuti zili mommuno koma ine sindikuziona. Titakhala pansi, choyamba apu inakana kulowa chifukwa foni inadzaza ndi mavidiyo a pa WhatsApp a makwaya ndi maukwati, tinayamba tafufuta kaye. Chachiwiri PIN, iwo amaganiza kuti akufunsidwa ya ku banki ndiye amakana kwamtuwagalu, ndipotu amachita bwino kukana chifukwa akuba a pa foni ndi ambiri, munthu wanzeru sangangolemba PIN paliponse. Palibe anawauza kuti ya laibulale ndi ina. Titadutsa pamenepo ndinati amayi dinani nokha apa, ine sindigwira. Anakulitsa zilembo mpaka mawu ochepa okha pa sikirini, anachotsa magalasi nkuwerenga ndime yonse mokweza. Zonsezi zinatheka tiyi asanazizire. Koma popanda munthu wokhala nawo pambali, khadi lija likanangogona m'chikwama mpaka tsiku lobwerera ku Malawi.

Nchifukwa chake ndimati ogwira ntchito ku laibulale, pamodzi ndi ife amene tinazolowera zimenezi, tisamalande foni nkudinadina mwachangu kenako nkubweza kuti zatheka. Mukatero munthuyo sabata yamawa abweranso ndi vuto lomwelo, kapena achita manyazi osabweranso. Ndikudziwa kuti malaibulale ambiri kuno antchito anachepa, ena amayendetsedwa ndi anthu ongodzipereka, ndalama za makhonsolo zinadulidwa, zonsezo nzoona ndipo ndimawamvera chisoni. Komabe ngati munagula mabukuwo ndi ndalama za anthu, kuwaphunzitsa anthuwo kuwatsegula ndi gawo la ntchito yomweyo.

China chimene anthu safotokozeredwa ndi nkhani ya mzere. Munthu amadabwa kuti buku la pa foni lingakhale bwanji kuti wina watenga, si fayilo chabe iyi? Ena mpaka amafufuta apu akuti ndi yabodza. Chilipo ndi chakuti laibulale sigula bukulo kukhala lake, imagula laisensi kwa osindikiza, ndipo malaisensi ambiri amati kope limodzi munthu mmodzi pa nthawi imodzi, ngati mpando wa mu minibasi, wina atsike kaye ndiye mukhale. Malaisensi enanso amatha. Kampani yosindikiza mabuku ya HarperCollins kuyambira 2011 inaika kuti buku likabwerekedwa ka 26 laibulale igulenso, makampani ena amapereka la zaka ziwiri, ndipo mtengo umene laibulale imalipira nthawi zambiri umaposa umene ine ndi inu tingagulire buku lomwelo. Munthu ukamuuza zimenezi mtima umakhala pansi, amasungitsa malo pa mzere nkudikira uthenga. Amamvetsanso chifukwa chake ndi bwino kubweza msanga ukamaliza, osadikira kuti libwerere lokha, poti kumbuyo kwako kuli anthu. Ine izi zimandikhudza kwambiri, kusunga buku lomwe sukuwerenga pomwe mwana wa mnzako akulifuna pa mayeso si chilungamo.

Za Kindle, kachipangizo kowerengerapo mabuku, ndinene mwachidule poti ambiri apsa nazo. Zotumiza buku la Libby ku Kindle zimatheka ku malaibulale a ku America okha, kuno ayi. Musanagulire mwana kapena amayi Kindle yowerengera ija poganiza za mabuku a laibulale, funsani kaye. Foni kapena tabuleti wamba imakwana. Ndipo dawunilodani bukulo muli pa Wi-Fi, mukatero mumawerenga ngakhale netiweki palibe, data yanu osakhudzidwa.

Pali chinanso chimandipweteka. Ndinasakamo mabuku a Chichewa mu apu ya laibulale yathu sindinapezemo, ana athu akukula akuwerenga Chingerezi chokhachokha. Amene mukufuna timabuku ta ana, pitani pa African Storybook, ndi ya bungwe la Saide la ku South Africa, muli nthano za Chichewa zaulele zoti mutha kudawuniloda. Komanso malaibulale amalandira maganizo a mabuku oti agule, ife sitipempha ndiye adziwa bwanji kuti tilipo? Tikamalemba ambiri adzayamba kuona kuti m'dera mwawo muli anthu olankhula Chichewa.

Ndipo inu okonda kutumizirana ma PDF akuba m'magulu, taganizirani olemba. Kuno kuli dongosolo la Public Lending Right limene limapatsa olemba kangachepe mabuku awo akabwerekedwa ku laibulale, ndipo kuyambira 2018 linayamba kuwerengeranso mabuku obwereka pa intaneti. PDF yoyenda pa WhatsApp wolemba sapezapo kanthu olo pang'ono, pomwe buku lomwelo mukanatha kuliwerenga mwaulele mwachilungamo.

Ndiye pempho langa ndi ili. Aliyense amene apu imeneyi anaizolowera asankhe munthu mmodzi, kaya ndi wa kutchalitchi kaya ndi mnzake wa ku shifiti, akhale naye pansi. Amene mulibe khadi pitani ku laibulale ya pafupi nanu, kulembetsa ndi kwaulele, ena amafuna kalata yoonetsa adiresi ndiye tengani kuti musayende kawiri, ndipo musachokepo asanakuuzeni PIN ndi dzina la apu imene amagwiritsa ntchito. Ine Lamulungu tikaweruka kutchalitchi kwathu ndimakhalapo kaye pa holo, bwerani ndi foni yotchaja ndi khadi lanu, kudina mudina nokha ine ndingokhala pambali.