Lekani kuchiza makolo anu pa WhatsApp

Ine zandikwana abale anga, lero ndiyankhula. Lamulungu lapitali kutchalitchi kwathu kuno ku Rosettenville, mu Joni, tinasonkha ya basi ya mnyamata wina amene akuthamangira kumudzi, mayi ake afa ziwalo mbali imodzi, pakamwa papotoka. Chinayambitsa ndi chani? Iye mwini anawatumizira voice note ya munthu osadziwika yakuti mapilitsi a BP amaononga thupi, asiye, azingomwa madzi a adyo ndi mandimu mmawa uliwonse. Mayi aja nkusiyadi, nanga akanakana bwanji poti wanena ndi mwana wa ku Joni amene amatumiza ndalama ya feteleza.

Kodi ana inu, kugula foni yaikulu basi mwasanduka madokotala? Bambo wovala gauni yoyera pa TikTok uja mumamudziwa kwawo? BP siimapweteka, munthu amalima bwinobwino mpaka tsiku lomwe yamugwetsa, ndiye inu muli pa Hillbrow pano mukuti "amayi akuoneka bwino asiye mankhwala", mwawayeza ndi chani?

Ena mumagula timabotolo topanda ndi dzina lomwe pambali pa msewu, ati tochiza shuga, nyamakazi ndi maso nthawi imodzi, nkukapatsa transporter pa Park Station pamodzi ndi mabulangeti ndi mafuta ophikira, kenako agogo nkutaya metformin wawo wa shuga amene analandira kuchipatala. Ena mumatumiza diclofenac mapaketi mapaketi a mawondo, nkhalamba nkumatafuna ngati mtedza tsiku ndi tsiku osadziwa kuti akupha impso komanso akuboola mmimba. Impso zikafa mukawapezera malo a dialysis, makina otsuka magazi aja, ku Queens kapena ku Kamuzu Central inuyo? Ndi ndalama ziti?

Chondiwawa kwambiri ndi ichi. Agogo akayamba kuiwala maina a zidzukulu, kusochera, kutuluka usiku, mmalo mowatengera kuchipatala mumathamangira kwa mneneri wa pa Facebook amene akuuzani kuti ndi mfiti, mumutumiziranso ndalama. Amenewo ndi matenda a ubongo, dementia, ndipo nkhalamba zaphedwa kumudzi kuja chifukwa cha pakamwa ngati panupo.

Chonsecho data yomweyo ikanagwira ntchito yabwino. Kwathu kuli Chipatala Cha Pa Foni, kuimba ndi ulere ndipo amayankha m'Chichewa, mwawauzapo makolo? Auzeni achemwali ajambule buku la kuchipatala la amayi akutumizireni, mulowe nalo mu pharmacy mufunse munthu amene anaphunzira ntchitoyo. Mukafuna kuwerenga pa intaneti pitani pa tsamba la WHO, bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, osati gulu la WhatsApp la anthu akumudzi kwanu. Ndipo ya Mukuru ija muzipatulako ya kabaza yopitira kukayezetsa BP ndi shuga, tsiku lomwe adokotala analemba lisamadutse.

Chalachi chisamangothamangira forward. Ndi amayi anu amenewo.